Tsiku Limene Anandisudzula Pamaso pa Ochemerera Mpira

Akazi anga anamwalira m'nyengo yozizira, mapira atangolowa m'nkhokwe. Tinawaika m'manda a kwawo ku Makhanga, pa kachitunda kamene madzi a Ruo safikapo kawirikawiri. Ine ndine wa kwa Katunga. Ku Makhanga ndinapita ngati mkamwini tsitsi langa likadali lakuda, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka linayera. Dimba limene ndinkalima linali la akazi anga, malo amene ndinamangapo nyumba anali a amayi awo. Zimenezi sizinkandivuta akazi anga ali moyo.

Mwamuna akaferedwa kuchikamwini sangonyamuka. Amadikira kusudzulidwa. Ankhoswe awiri, wakuchikazi ndi wakuchimuna, amakhala pamphasa imodzi achibale atazungulira. Wakuchikazi amafotokoza mmene mwamunayo anakhalira pamudzi, mmene anasungira mkazi wake, mmene anadwazira. Akatha amatenga khasu limene mkamwiniyo ankalimira n'kulipereka m'manja mwa nkhoswe mnzake, ndipo uyo amalipereka kwa mwini wake. Ndi mmene amachitira a kubanja la akazi anga. Midzi ina ili ndi njira zake. Zikatero zovala za malemu zimagawidwa, ndipo mwamuna akhoza kubwerera kwawo mutu uli m'mwamba. Wochoka asanasudzulidwe amatchedwa wothawa maliro, ndipo dzinalo limatsatira ndi ana ake omwe.

Ndinkafuna kubwerera kwathu mvula isanagwe. Nyumba yathu inali itang'aluka khoma ndi madzi a chaka chapitacho, ndipo achibale a akazi anga anali kusamukira kumtunda, kumene boma linawapatsa malo. Kumeneko kunalibe gawo la mkamwini wopanda mkazi. Mlongo wanga wa kwa Katunga anandisungira kamunda, koma ananditumizira mawu kuti ndikapanda kukasosa chaka chimenecho, mphwanga wina amene anali atangokwatira akalimapo. Sindikanamuletsa. Munda sudikira munthu.

Vuto linali ankhoswe anga.

Wakuchimuna anali mkulu wanga, mwana wa amayi aakulu. Anali kapitawo ku esiteti ya nzimbe, ndipo kwa zaka zambiri ndiye anali kochi wa timu ya mpira ya antchito akumeneko. Wakuchikazi anali mlamu wanga, mlongo wa akazi anga, amene analowa unkhoswe malume awo atamwalira. Pa unyamata wake mlamu wangayo ankasewera kutsogolo m'timu yomweyo, ndipo anthu a msinkhu wanga amanenabe kuti chigwa chonse cha Shire sichinaonenso mwendo wamanzere ngati umenewo. Ine mpira sindiudziwa. Ndinamuonako akusewera kamodzi kapena kawiri, ndipo chimene ndimakumbukira ndi fumbi ndi amayi akulowa m'bwalo ndi zitenje m'mwamba.

Anthu awiriwa anali ndi nkhani yakale. Tsiku lina akuluakulu a timu ina ya ku Blantyre anatsika phiri kudzaona mlamu wanga akusewera, ndipo mkulu wanga anamukhazika pabenchi masewero onse. Alendowo anabwerera ndi mnyamata wina. Patapita nthawi mlamu wanga anathyoka bondo, mpira unathera pomwepo, ndipo lero amakonza njinga pamsika wa Bangula. Akazi anga ali moyo nkhaniyi inkagona. Onse awiri ankabwera kwathu kudzadya mlamba wouma, ndipo akazi anga ankawauza akadali pabwalo kuti, "Mpira wanu muuvule pakhomo ngati nsapato zamatope." Ankaseka n'kumvera. Pamaliro ananyamula bokosi limodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo.

Zinaphulika titameta kale, tikungodikira kupangana tsiku losudzula. Wailesi ya m'dera lathu imakhala ndi pulogalamu ya zamasewero Loweruka masana, ndipo muulutsi wake anayamba kuitana osewera akale kuti azikumbukira za nthawi yawo. Anaitana mlamu wanga. Ine ndinali pakhonde ndikusoka ukonde wa mnansi wanga, wailesi yake ikulira pawindo.

"Ine ndikanasewera m'timu ya dziko," anatero mlamu wanga. "Anandibisa ndi akochi. Ankafuna ndiziwamwetsera zigoli kuti azungu a pa esiteti aziwapatsa moni. Anandikwirira ndili moyo ngati mbatata."

Pulogalamu isanathe foni inalira, ndipo ndinamva mawu a mkulu wanga, amene ndinawadziwa asanadzitchule n'komwe.

"Mufunseni mwanayo kuti bondo lake linali lotani tsiku limenelo. Linatupa ngati dzungu. Sabata yonse sanabwere kutireningi, anali kuvina kuchinkhoswe ku Mozambique. Ndikanamulowetsa, alendo akanaona chiyani? Nkhuku yothyoka mwendo? Ndinamubisira manyazi, lero akunditukwana."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali lawo. Wina akayankhula sabata ino, mnzake ankayankha sabata yamawa. Anthu ankaimba mafoni kuchokera ku Ndamera, ku Ngabu, ngakhale kutsidya kwa malire. Akabaza anagawikana, ena a kochi ena a wosewera. Pamsika wa nsomba amayi amene sanaonepo anthuwa akusewera ankakangana za bondo limene linatupa iwo asanabadwe. Mlamu wanga analumbira pa wailesi kuti sadzakhalanso pamphasa imodzi ndi munthu ameneyo kufikira atavomera pamaso pa onse kuti anamuphera tsogolo. Mkulu wanga anayankha kuti ndiye adzakhala chiimire mpaka kufa.

Ndinayamba ndi mlamu wanga, poti ndiye anali pafupi. Ndinawoloka pabwato kupita ku Bangula, ndipo ndinamupeza pansi pa mtengo wa nimu akumata chubu, mwendo wodwala uja atautambasula pa tayala.

"Alamu, muli tani?" anatero, akundikokera chitsa choti ndikhalepo.

Tinacheza za thonje, za mtengo wa sipoko. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera.

"Alamu, ine ndilibe nanu mlandu," anatero. "Mlongo wanga munamusunga ngati dzira. Koma munandimva ndikulumbira. Auzeni achimwene anuwo anene mawu amodzi okha pa wailesi, mawa lomwe ndibwera ndi mphasa yanga."

"Nanga bwanji mutatuma wina m'malo mwanu?"

Anaponya chubu pansi. "Kuti Bangula yense anene kuti ndathawa? Kuti ndaopa nkhalamba imene ija? Nkhabe, sizitheka! Atume iwowo."

Mkulu wanga ndinamupeza kunyumba kwake kufupi ndi Nchalo. Anali atapuma ntchito, maso ayamba kuchita khungu ndi matenda a shuga. Foni anaipachika m'khosi ndi chingwe ngati wenzulo. Anandimvetsera mpaka ndinatha.

"Mphwanga, iwe ndiwe munthu wa tchalitchi," anatero. "Ukufuna ndiname pamaso pa dziko lonse? Ndivomere tchimo limene sindinachite?"

"Sindikuti muname, achimwene. Ndikuti mutume munthu."

"Kochi satuma munthu pabenchi pake. Mwanayo ndinamutola akumenya mpira wamapepala pamchenga, jombo zoyamba ndinamugulira ndine. Ndimuthawe lero?"

Alamu anga, akazi awo a mkulu wanga, anandipatsa thobwa n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Anangopukusa mutu.

Ndinapitanso kwa abusa. Anandipempherera mokoma, koma ananena kuti za unkhoswe ndi za mabanja, mpingo sungalande khasu m'manja mwa eni ake. Ndinaona kuti akunena zoona.

Miyezi yotentha ija ndinaikhala ndekha. Mabanja a m'mudzimo ankachoka limodzi limodzi, akudenula malata ndi zitseko n'kukweza pangolo. Nyumba zinatsala makoma okhaokha, mbuzi za eni ake zikubwerabe masana kudzagona m'mithunzi imene zinazolowera. Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku Mwanza, ankaimba foni Lamulungu lililonse kufunsa ngati ndadya. Ndinkati ndadya. Zovala za amayi ake zinali m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo sindinkaloledwa kuzigawa kapena kuzisuntha pamudzi. Masiku ena ndinkazitulutsa n'kuziyanika padzuwa kuopa chiswe, kenako n'kuzipinda mmene ankapindira eni ake, ngakhale sindinathe kufananitsa. M'mawa ndinkawerenga Salimo mokweza monga tinkachitira tili awiri. Ndikafika pamapeto ndinkaima pang'ono, chifukwa ameni ankanena ndi iwo.

Kumanda sindinkapitako, mwambo sulola kupita wekha. Ndinkangodutsa njira ya kudimba imene imayang'anana ndi kachitunda kaja, n'kuchepetsa liwiro.

Loweruka ndinkamva wailesi ya mnansi wanga, amene naye anali asanasamuke. Ndinene zoona, sindinkadana nawo anthu awiri aja. Ndinkamva mawu a mlamu wanga akunjenjemera akamanena za basi ya ku Blantyre imene inanyamuka popanda iye, ndipo ndinkadziwa kuti munthuyu wakhala akuiona basi imeneyo tsiku lililonse pansi pa mtengo wa nimu. Ndinkamvanso mkulu wanga, munthu amene kale bwalo lonse linkakhala chete akaimirira, tsopano alibe womufunsa nzeru kupatula muulutsi ameneyo. Aliyense anali ndi mnzake womuganizira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Nthawi zina ndinkawasirira.

Mitambo itayamba kuunjikana cha ku mapiri a Thyolo, munthu wina anaimba foni ku pulogalamu ija. Sindinamudziwe, anangoti ndi wogulitsa nsomba wa ku Makhanga.

"Akuluakulu awiriwa ndi akamuna pa wailesi pokha," anatero. "Kuno kuli bambo wina wamasiye, akuuma ngati nsomba pathandala kudikira kusudzulidwa. Ankhoswe ake ndi omwewa. Akuopana! Wina akamva fungo la mnzake amalowa pansi pa bedi."

Muulutsi anaseka mpaka kutsokomola. Singano inandigwa m'manja. Nkhani ya m'nyumba mwanga, ya akazi anga, inali kumveka m'magolosale ndi m'mabwato kuyambira Chikwawa mpaka Marka.

Mlamu wanga anaimba nthawi yomweyo. "Ndani akuopa? Tchulani tsiku!" Mkulu wanga naye anaimba. "Ine ndafika kale. Abwere ndi bondo lakelo." Ndipo muulutsi, osati achibale, ndiye anatchula tsiku: Loweruka lotsatira, pabwalo la nyumba yanga. Mnansi wanga anasuzumira pawindo n'kuti, "Achimwene, Mulungu wayankha." Ndinavomera ndi mutu. Ndinali nditapempha, ndipo sindinamuuze Mulungu njira yoyankhira.

Kusudzula ndi mwambo wa anthu ochepa. Ndinasesa pabwalo, ndinabwereka mipando ingapo kutchalitchi, ndinatsuka khasu langa n'kuliimika pakhoma monga ziyenera. Achemwali aakulu a malemu anatsika kumtunda ndi amayi ena a pabanja kudzaphika ndi kudzalandira sutikesi.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni, anthu anayamba kufika. Oyamba ndinawalandira ndi manja awiri, ndikuyesa ndi achibale amene ndawaiwala. Kenako kunabwera akabaza mumzere, ena atavala majezi. Mabwato ankatsitsa anthu padoko n'kubwerera kukatenga ena. Amayi ena anayala malonda a zitumbuwa ndi masau pansi pa mtengo wathu wa mtondo. Anthu anakwera pamakoma a nyumba zosiyidwa zija n'kukhala miyendo ili lendelende. Wina anabwera ndi lipenga lapulasitiki la kumpira.

Mkulu wanga anafika pa njinga yamoto atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Theka la anthu linakuwa. Mlamu wanga anafika wapansi, akutsimphina, ndipo theka linalo linakuwa koposa. Anakhala pamphasa, wina kunsonga iyi wina kunsonga iyo, aliyense thako limodzi lili padothi. Ine ndinakhala pampando wanga chapambali. Pa tsiku limeneli mkamwini sayankhula ndipo sakhudza khasu mpaka alipatsidwe.

Mkulu wa mpingo anapemphera. Atangoti ameni, mlamu wanga anakonza kukhosi, ndipo ndinaweramitsa mutu kuti ndimve za akazi anga.

"Tisanayambe," anatero, "akochi anene kaye pamaso pa anthuwa. Bondo langa analiona ndi maso kapena anamva kwa anthu?"

"Ndinaligwira ndi dzanja ili," anatero mkulu wanga. "Unalira ngati mwana wa mbuzi."

"Bodza! Linali lamanja limenelo. Ine ndimamenya ndi lamanzere!"

"Ndiye ukanathamanga ndi mwendo umodzi ngati kakowa?"

Anthu anagwa nako kuseka. Lipenga linalira. Mlamu wanga anapinda buluku n'kuonetsa chipsera, akuzungulira kuti onse aone. Mkulu wanga anatenga ndodo yake n'kuyamba kujambula bwalo la mpira padothi limene ndinasesa, akuloza pamene panaima aliyense tsiku lija, ngakhale maso ake sankaona bwino mizere imene ankalemba. Nkhalamba ina imene inali goloboyi wa timuyo inatuluka m'gulu kudzachitira umboni, ina inaitsutsa. "Penate!" anakuwa wina ali pakhoma. "Refa ali kuti? Atulutseni onse!"

Mthunzi wa mtondo unachoka pamphasa n'kufika pampando wanga, kenako unandipitirira. Chakudya chinazizira m'miphika. Achemwali a malemu anayesa kawiri kuwadula, koma mawu awo anamira. Anabwera kudzagwada pafupi nane, m'maso muli misozi yaukali.

"Alamu, tiwachite chiyani anthu amenewa? Mabwato asanasiye kuwoloka, achimwene anu anyamuka. Ndiye mpaka chaka chamawa."

Ndinayang'ana kumwamba cha kumapiri. Kunali kwakuda.

Ndinaimirira. Ndinapita kukhoma, ndinatenga khasu lija, ndinadutsa pakati pa anthu n'kuliika pamphasa pakati pa ankhoswe anga. Ndinabwerera pampando.

Amene ankadziwa mwambo anayamba kukhala chete, ndipo chete ameneyo anafalikira mpaka kumakoma. Mkamwini akadzitengera yekha khasu ndiye kuti akunena kuti watopa nawo eni mudzi, akufuna achoke ngakhale asanamuthokoze. Ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkalitenga.

Mlamu wanga analiyang'ana khasulo, buluku lake likadali lopinda mpaka m'ntchafu.

"Alamu," anatero motsitsa, "tafika pamenepa? Mwatopa nafe?"

"Sindinatope nanu," ndinatero. "Koma dzuwa lapendeka, ndipo mlongo wanu sanatchulidwe."

Anatsitsa buluku pang'onopang'ono. Anakhala pansi, tsopano pamphasa penipeni. Ndinaona kuti akufunafuna mawu, ndipo ndikukhulupirira kuti anali nawo, chifukwa ankabwera kuchipatala pamene ndinkagona pansi pakhonde la wodi ya amayi, ankadziwa zonse. Koma anthu ambirimbiri achilendo anali kumuyang'ana, ndipo mawu amenewo si a pagulu lotere. Anayang'ana pansi.

"Bambo awa anasunga bwino mlongo wathu," anatero. "Tilibe nawo chifukwa. Takhuta, tathokoza. Apite ndi mtendere."

Anathera pomwepo. Ndinaonapo kusudzulidwa kwa amuna ena kumene nkhoswe amayankhula mpaka amayi kulira, akutchula nkhokwe zimene munthu anamanga ndi manda amene anakumba nawo. Pa miyezi yonse ija ndinkati ndikagona masana ndinkaganiza zimene adzanene za ine ndi akazi anga, ndipo ndinkafuna kuzimva kuchokera pakamwa pa wina.

Ananyamula khasu n'kulitambasulira kwa mkulu wanga osamuyang'ana. Mkulu wanga anapapasa m'mwamba, analiphonya, ndipo mlamu wanga anachita kumugwira dzanja n'kuliika pampini. Palibe anakuwa. Mkulu wanga anandiitana ndi dzina langa laubwana, ndinagwada, ndinalandira.

Anthu anabalalika msanga, ena akudandaula kuti awonongera ndalama ya bwato pachabe. Amayi analowa m'nyumba ndi kutulutsa sutikesi. Achemwali a malemu anandipatsa mpango umodzi kuti ndikapatse mwana wathu. Ankhoswe anga anadya, aliyense mbale yake, atafulatirana. Ponyamuka mkulu wanga anandigwira paphewa n'kunena kuti ndinachita zamanyazi kutenga khasu ndekha, koma akundikhululukira. Mlamu wanga anandithandiza kumanga katundu mpaka madzulo. Ankhoswe awiriwo sanayanjane. Ndimamva kuti mpaka pano amaimbabe mafoni, ngakhale muulutsi anapeza nkhani zina ndipo amawadula msanga.

M'mawa mwake achibale anandiperekeza kumanda kukatsanzika. Ndinapemphera mwachidule chifukwa kunayamba kuwaza. Kenako ndinatsikira kudoko ndi thumba la zovala, Baibulo, mpando umodzi ndi khasu.

Mwini bwato anali bambo wa makhwinya, wolankhula Chisena chokhachokha mpaka atazindikira kuti ndine wa kumtunda kwa Chikwawa. Sanandidziwe. Titafika pakati pa madzi anandifunsa ngati ndinali nawo pa zadzulo zija.

"Ndinalipo," ndinatero.

"Ine ndinangowolotsa anthu tsiku lonse, osaona kanthu. Ndiye anapambana ndani, kochi kapena wosewera?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, mpira sindiutsata. Anandiyang'ana ngati munthu wotaya mwayi, n'kupitiriza kupalasa. Mvula inakula, ndipo ndinavundikira Baibulo ndi malaya.

Kwa Katunga ndinapeza mphwanga uja atayamba kale kusosa mbali ya kumunsi ya kamunda kaja, poganiza kuti sindibweranso. Anachita manyazi, anafuna kundisiyira. Ndinamuuza kuti apitirize pamene anayambapo, ine nditenga kumtunda, kumene kuli miyala. Munthu mmodzi sadya zambiri. Tinalima moyandikana mpaka masana, iye akundifotokozera mayina a ana a m'mudzimo amene anabadwa ine kulibe, ndi a eni nyumba zatsopano zimene zinamangidwa pamene kale panali khola la bambo anga.